Magemu akale ndi a masiku ano: mafunso amene amabwerabwera

Anthu amene anakula m'zaka za m'ma 1990 ndi 2000 akayamba nkhani ya magemu, simatha msanga. Wina amayamba ndi Mario, wina Snake ya pa Nokia, wina Winning Eleven, kenaka pamapezeka wina wogamula mlandu kuti "za masiku ano n'zithunzi chabe, kukoma kunapita kale." Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amatuluka nthawi zonse mkangano umenewu ukabuka.

Tikati "magemu akale", tikunena ati?

Palibe malire amene onse anagwirizana, koma tingawagawe patatu. Oyamba ndi a m'makina oponyamo ndalama yachitsulo: Pong ya 1972, Space Invaders ya 1978 ndi Pac-Man ya 1980. Achiwiri ndi a makatiriji, timabokosi tokhala ndi gemu m'kati tolowetsa m'makina, kuyambira pa Famicom ya Nintendo yomwe inatuluka ku Japan mu 1983 n'kufika ku America mu 1985 ndi dzina loti NES, kudzera pa Mega Drive ya Sega ya 1988, Game Boy ya 1989, mpaka Super Famicom ya 1990, yodziwikanso kuti Super Nintendo. Achitatu ndi pamene zithunzi zinayamba kukhala za 3D: PlayStation ya December 1994, Nintendo 64 ya 1996 ndi PlayStation 2 ya 2000.

Ngati mukudabwa kuti PlayStation 2 yalowa bwanji m'gulu la nkhalamba, werengani zaka. Mwana amene anabadwa chaka chimene GTA San Andreas inatuluka, mu 2004, lero ndi munthu wamkulu woti akhoza kukhala pabanja.

Bwanji munthu wamkulu, ndevu pepeya, amapukwa gemu?

Mawu oti nostalgia anawapeka ndi Johannes Hofer mu 1688, pamene ankaphunzira udokotala ku Basel. Iye ankafotokoza matenda a anthu a ku Switzerland amene ankafooka ndi kuwonda ali kutali ndi kwawo. Ife tili nawo kale mawu ake: kupukwa. Ndipo munthu sapukwa chinthu chokhachokha, amapukwa malo ndi anthu amene anali pamenepo.

Funsani munthu za gemu imene ankaikonda ali mwana, mumve zimene ayambe kukuuzani. Sayamba ndi siteji yachitatu. Amayamba ndi adaputa yakuda imene inkatentha ngati mbatata yootcha, mpaka kuiika pansi pa simenti kuti izizire. Amakuuzani za achimwene ake amene ankamupatsa padi yosalumikiza kuti asiye kulira, iye n'kumadina ndi mtima wonse poganiza kuti akusewera. Amakumbukira bambo akuweruka kuntchito, kufika n'kugwira kumbuyo kwa TV kuti amve ngati yatentha, nyumba yonse ili zii. Akatswiri a maganizo anapezanso kuti zimene munthu anakumana nazo pakati pa zaka 10 ndi 30 n'zimene zimakanirira kwambiri m'mutu. Choncho gawo lalikulu la kukoma kumene timakumbukira silinali m'katiriji muja. Koma si lonse, monga tionere m'mafunso a kusewera pamodzi ndi a umwini.

Ndiye magemu akale analidi abwino kuposa a lero?

Onse pamodzi, ayi. Timakumbukira ochepa amene anapulumuka, zinyalala zinaiwalika. Pa Super Mario Bros. imodzi panali magemu ambirimbiri osaseweretseka, oti ukadina batani munthu wako amalumpha mawa. Ku America zinyalalazi zinachuluka mpaka msika unagwa mu 1983. Chaka chomwecho kampani ya Atari inakakwirira katundu wosagulidwa kudzala la ku Alamogordo m'chigawo cha New Mexico, kuphatikizapo makatiriji a gemu ya E.T., ndipo anthu ambiri ankayesa nthano mpaka pamene anakafukula mu 2014.

Kuyerekeza magemu khumi opambana a zaka makumi awiri ndi chilichonse chimene chatuluka mwezi uno si chilungamo. Komabe ndinganene mosaopa kuti pa zinthu zitatu akale amaposa ambiri a lero: unkayatsa n'kuyamba kusewera pomwepo, unkasewera ndi munthu amene wakhala naye pampando umodzi, ndipo ukagula chinali chako.

N'chifukwa chiyani anali ovuta chonchi?

Choyamba ndi ndalama. Makina a m'ma arcade ankapindula wosewera akafa msanga n'kuponyanso kobiri lina, ndipo opanga magemu a m'nyumba anachokera kusukulu yomweyo. Chachiwiri, magemuwo anali aafupi. Munthu wodziwa akhoza kumaliza Contra ola lisanathe, ndiye kuti kasitomala asaone ngati waberedwa, ankaiumitsa kuti atenge miyezi. Ku America kunalinso masitolo obwereketsa magemu, ndipo makampani sankafuna kuti mwana amalize gemu Loweruka ndi Lamlungu n'kusagulanso.

Chachitatu, ambiri analibe posungira pamene wafika. Magetsi akathima, kapena mlongo wako akapunthwa pa waya, unkabwerera ku siteji yoyamba. Ena ankakupatsa pasiwedi yaitali yokopera papepala, ndipo ukalemba 0 m'malo mwa O, zako zada.

Ngakhale opangawo ankalephera. Kazuhisa Hashimoto wa ku Konami, pokonza Gradius ya pa Famicom mu 1986, anaona kuti sangathe kuimaliza poiyesa, ndiye anaikamo chinsinsi: m'mwamba kawiri, pansi kawiri, kumanzere, kumanja, kumanzere, kumanja, B, A. Chinsinsicho chinatsalamo, ndipo pa Contra ya NES chimapereka miyoyo 30 m'malo mwa itatu. Tetris ya NES, yomwe inatuluka mu 1989, inatenga zaka 34 kuti munthu aifikitse pothera nzeru: mnyamata wazaka 13 wa ku Oklahoma anaisewera mu December 2023 mpaka pulogalamu inauma pa siteji 157.

Zinkatheka bwanji kuti gemu yonse ikwane m'kakatiriji?

Apa ndi pamene ulemu wa akalewa uli. Super Mario Bros. ya 1985 yonse, zithunzi, nyimbo ndi masiteji ake 32, ndi 40 KB. Chithunzi chimodzi chimene mwajambula pafoni lero chimaiposa kakhumikhumi. Red Dead Redemption 2 ya 2018 imafuna malo oposa 100 GB, ndipo pa PlayStation 4 inabwera pa madisiki awiri.

Umphawi wa malo unkabala nzeru. Mukayang'anitsitsa mu Mario, mitambo ndi tchire ndi chithunzi chimodzi, anangosintha mtundu. Shigeru Miyamoto, amene anapanga Mario, anamupatsa ndevu za pamlomo ndi chipewa chifukwa timadontho tinali tochepa, sakanatha kujambula pakamwa ndi tsitsi looneka bwino. Mu Space Invaders, adani amathamanga kwambiri akamatha chifukwa makinawo ankapepukidwa akatsala ndi zochepa zojambula. Tomohiro Nishikado, amene anaipanga, anaona kuti zimenezo zikuwonjezera mantha, n'kuzisiya momwemo. Nkhungu ya mu Silent Hill ya 1999, imene inkatiimitsa tsitsi, inkabisa zoti PlayStation sinkatha kujambula zinthu zakutali.

N'chifukwa chake magemu abwino a nthawiyo alibe mafuta. Chilichonse chimene chili pa sikirini chili ndi ntchito, popeza panalibe malo a zokongoletsa.

Kodi "TV game" imene tinkasewera inali Nintendo yeniyeni?

Kwa ambiri a ife, ayi. Anali makina okopera Famicom, opangidwa ku Taiwan ndi ku China, amene anafalikira m'maiko omwe Nintendo sinkagulitsako mwamphamvu. Ku Russia ankawadziwa ndi dzina loti Dendy kuyambira 1992. Ena ankawapanga chikwama chofanana ndi PlayStation n'kuwalemba Polystation, ndipo mwana amene anagulidwa imeneyo pa Khirisimasi ankatsegula chivundikiro cha CD n'kupeza polowetsera katiriji.

Makatiriji achikasu olembedwa "9999 in 1" anali bodza lokoma. Munali magemu owerengeka, monga Mario, Duck Hunt, Battle City imene tinkangoti Tank, Circus Charlie ndi Road Fighter, kenaka omwewo n'kumabwerezedwa, pena kuyambira siteji ina, pena mtundu wa thambo utasinthidwa. Brick Game ya m'manja inkachitanso chimodzimodzi.

Zimenezi zinachititsa kuti "kale" lathu lisiyane ndi la ku Japan kapena ku America. Ku Malawi wailesi ya kanema inayamba mu 1999, ndipo TV inalowa m'nyumba zambiri mochedwa, choncho ana ambiri anakumana ndi magemu a 1985 pamene ku Tokyo anali atasamukira kale pa PlayStation. Ena gemu yawo yoyamba sinali ya pa TV n'komwe. Inali Snake, yomwe Nokia inayamba kuika m'mafoni mu 1997, ndipo ambiri anaidziwa pa 3310 ya amalume.

Kuuzira mpweya m'katiriji kunkathandizadi?

Ayi. Chimene chinkathandiza ndi kuitulutsa n'kuilowetsanso, chifukwa timano tachitsulo tinkakhudzana bwino ulendo wachiwiri. Mpweya wa m'kamwa uli ndi chinyezi, ndipo m'kupita kwa nthawi umadyetsa timanoto dzimbiri. Nintendo yomwe inkachenjeza za khalidweli. Osunga makina akale amapukuta timanoto ndi kathonje konyowetsa ndi isopropyl alcohol, n'kudikira kuti paume.

Chimene chinatayikadi n'chiyani?

Chipinda chodzaza anthu. Amene anasewerapo m'kashopu ka magemu akudziwa: TV ziwiri kapena zitatu, benchi lathabwa, chitseko chotseka theka kuti dzuwa lisawale pagalasi, ndi anyamata khumi ndi asanu pa mapadi awiri. Lamulo linali limodzi, wogonja apereke padi. Ukamenyedwa pa Tekken 3 kapena Mortal Kombat, sunkamenyedwa ndi dzina lachilendo la pa intaneti. Unkamenyedwa ndi mwana wa aneba, pamaso pa anthu, ndipo mawa lake kusukulu nkhani inali yomweyo. Panali padi ina yofa batani limodzi imene aliyense ankaikana, ndipo wogonja aliyense ankanamizira yomweyo.

Nzeru nazo zinkayenda pakamwa. Mabatani a fatality, njira yomalizira mdani mu Mortal Kombat, ndi zinsinsi za San Andreas zinkalembedwa kumapeto kwa kope la masamu, n'kumakoperana ngati mayankho a homuweki. Panalinso mabodza, akuti msuweni wa uje ku Johannesburg anatsegula munthu wobisika amene palibe anamuonapo. Lero funso lililonse lili ndi yankho pa YouTube, zomwe n'zothandiza, koma mphekesera ija inali theka la chisangalalo.

Makampani nawo anachepetsa zosewera anthu awiri pa TV imodzi. Mario Kart 64 inkagawa sikirini panayi mu 1996. Halo 5 inatuluka mu 2015 yopanda kugawa sikirini n'komwe, ndipo anthu anadandaula kwambiri. Kusewera pa intaneti kuli ndi ubwino wake, makamaka kwa amene abale awo ali ku Cape Town kapena ku Leeds, koma kumafuna makina awiri, magemu awiri ndi netiweki yosadukaduka.

Gemu ndikaigula lero, ndi yangadi?

Kawirikawiri mwagula chilolezo choisewera, osati gemuyo. Mu 2024 boma la California linakhazikitsa lamulo lokakamiza masitolo a pa intaneti kunena zimenezi poyera, ndipo Steam, sitolo ya magemu a pa kompyuta, inayamba kulemba chenjezolo pamene munthu akulipira.

Chitsanzo chimene chinakwiyitsa anthu ndi The Crew, gemu ya mpikisano wa magalimoto ya Ubisoft ya 2014. Kumapeto kwa March 2024 kampaniyo inazimitsa maseva ake, ndipo gemuyo inasiya kugwira ntchito kwa aliyense, ngakhale amene anali ndi disiki m'manja. Apa ndi pamene panayambira gulu la Stop Killing Games, lomwe pempho lake ku European Union linasainidwa ndi anthu oposa 1 miliyoni mu 2025. Nintendo nayo inatseka sitolo ya pa intaneti ya makina ake a 3DS ndi Wii U mu March 2023. Chaka chomwecho kafukufuku wa Video Game History Foundation anapeza kuti magemu 87 pa 100 alionse amene anatuluka ku America chisanafike chaka cha 2010 sakugulitsidwanso mwalamulo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Katiriji ya 1990 ili pamphuno. Mukhoza kuibwereketsa, kuigulitsa, kapena kusinthana ndi mnzanu.

Palinso nkhani ya update. Disiki ya lero nthawi zambiri imafuna kuti mupange dawunilodi magigabayiti ambiri musanasewere, ndipo kwa munthu wogula bandulo ya intaneti ndalama imeneyo ndi mtengo wachiwiri wa gemuyo. Zapatsanso makampani ena mpata wotulutsa zosapsa. Cyberpunk 2077 inatuluka mu December 2020 ili ndi zolakwika zochuluka moti Sony inaichotsa m'sitolo yake mpaka June 2021. Koma tinene zoona, inakonzedwa n'kukhala gemu yabwino. Katiriji yakale ikatuluka ndi cholakwika inkafa nacho.

Kodi a masiku ano amadya ndalama zambiri?

Pa mtengo wogulira, osati kwenikweni. Magemu akuluakulu anakhala pa madola 60 kwa zaka zambiri asanayambe kukwera kufika pa 70 mu 2020, pamene makatiriji ena a m'ma 1990 ankagulidwa kale pa mitengo yoyandikira pamenepo, dola ili ndi mphamvu kuposa lero.

Chasintha ndi kulipira kosatha gemu utaigula kale. Mu 2006 anthu anaseka kampani ya Bethesda pogulitsa chovala cha hatchi mu gemu ya Oblivion pa madola 2.50. Lero zimenezo ndi bizinesi yaikulu. FIFA Ultimate Team inayamba mu 2009, ndipo umagula phukusi la osewera usakudziwa zimene zili m'kati. Belgium inagamula mu 2018 kuti maphukusi olipira oterewa ndi juga. Magemu "aulere" a pafoni ambiri amakonzedwa kuti ufike potopa kudikira n'kulipira, kapena kuonera malonda. Pena ndimaona kuti ndi makina oponya kobiri aja abwereranso, kungoti tsopano ali m'thumba ndipo satseka usiku. Makolo opatsa ana foni aike pasiwedi pa zogulagula zonse.

Ndabwerera ku gemu yanga yakale, koma sikuoneka mmene ndinkaikumbukira. Chavuta n'chiyani?

Mwina si maso anu. Magemuwo anajambulidwira TV zachimbuyo zija, zimene zinkasungunula timadontho n'kusalaza m'mphepete. Ojambula ankadalira zimenezo. Mathithi a mu Sonic ya 1991 ndi timizere toimirira tomwe pa TV yakale tinkasakanikirana n'kuoneka ngati madzi oonekera, koma pa TV yafulati timangooneka timizere. TV zatsopano zimatambasulanso chithunzi cha 4:3 kuti chidzaze galasi lonse, Mario n'kunenepa, ndipo zimachedwa pang'ono kuonetsa zimene mwadina. Bwezerani chithunzi pa 4:3 n'kuyatsa Game Mode. Mfuti ya Duck Hunt ndiye musavutike nayo, imadalira mmene TV yakale inkawalitsira chithunzi ndipo pa yafulati siigwira.

Liwiro nalo likhoza kukudabwitsani. Malawi, Zambia, South Africa ndi Britain ankagwiritsa ntchito TV za PAL, zosintha chithunzi ka 50 pa sekondi, pamene Japan ndi America anali pa 60. Magemu ambiri sankakonzedwa powabweretsa ku PAL, choncho ankayenda pang'onopang'ono ndi pafupifupi 17 peresenti, nyimbo zomwe. Mukapeza ya ku America lero, mumva ngati ikuthamangira basi.

Zina ndiye zinangokalamba basi, tsabola wakale sawawa. Magemu oyambirira a 3D ndi amene anavutika kwambiri: nkhope zamakonamakona, kamera yosamvera, munthu wotembenuka ngati thirakitala. A 2D a pa Mega Drive ndi Super Nintendo asunga nkhope bwino kuposa ambiri a pa PlayStation yoyamba.

Ndingawasewere bwanji lero, ndipo n'zololedwa?

Njira zosakayikitsa zilipo. Nintendo inatulutsa NES Classic mu 2016 yokhala ndi magemu 30, Sony inatulutsa PlayStation Classic mu 2018 yokhala ndi 20, ngakhale zonsezi tsopano zimapezeka kwa ogulitsa zogwiritsidwa kale ntchito. Olembetsa Nintendo Switch Online amapeza magemu a NES, Super Nintendo ndi Game Boy. Pa kompyuta, sitolo ya GOG imagulitsa magemu akale okonzedwa kuti ayende pa Windows ya lero, ndipo ukapanga dawunilodi safunanso intaneti. Capcom, Konami ndi Sega amagulitsanso mitolo ya magemu awo akale.

Njira imene ambiri amadutsa ndi emulator, pulogalamu yochititsa foni kapena kompyuta kukhala ngati makina akale, monga RetroArch kapena PPSSPP. Pulogalamuyo payokha si mlandu m'maiko ambiri, ndipo ku America Sony inagonja pa apilo mu 2000 pamlandu wake ndi kampani ya Connectix, yomwe inapanga emulator ya PlayStation. Vuto lili pa mafayilo a magemuwo, amene akadali ndi eni ake ngakhale atakhala a zaka 35. Kuwatenga pa intaneti popanda chilolezo n'kuphwanya malamulo a umwini. Nintendo siseka pa nkhani imeneyi: mu 2024 opanga Yuzu, emulator ya Switch, anavomera kulipira madola 2.4 miliyoni n'kutseka. Samalaninso ndi mawebusaiti olonjeza magemu aulere, ambiri amabisa mavairasi m'mafayilo. Ndipo ngati mukusewera pafoni, pezani padi ya Bluetooth. Contra ya pagalasi la foni ndi chilango.

Pali magemu atsopano okhala ndi mtima wa akale?

Ambiri, kungoti sali pa zikwangwani. Shovel Knight ya 2014 ndi Celeste ya 2018 n'zolumphalumpha zolimba ngati za pa NES, koma zimasunga pamene wafika. Sonic Mania ya 2017 inapangidwa ndi anthu amene anayamba ngati okonda Sonic wamba. Stardew Valley ya 2016 anaipanga munthu mmodzi, Eric Barone. Ofuna benchi lija ayese Cuphead, Overcooked kapena Streets of Rage 4, imene imalola anthu anayi pa TV imodzi. Amene amati magemu a lero ndi ofewa akayambe alimbana ndi Elden Ring ya 2022, tidzakambirane akabwerako.

Ana a lero nawo ayamba kale kupukwa. Epic Games itabwezeretsa mapu oyambirira a Fortnite mu November 2023, anthu oposa 44 miliyoni analowa tsiku limodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo anadikira kuti kampani iwatsegulire chitseko, monga tanenera pa funso la umwini.

Ndili ndi makina ndi makatiriji akale m'katoni. Ndi chuma?

Mwina mwamva zoti Super Mario 64 inagulitsidwa pa madola 1.56 miliyoni mu July 2021. Imeneyo inali yosatsegula, ili m'pulasitiki yake ya ku fakitale. Katiriji yoseweredwa, yolembedwa dzina ndi cholembera kumbuyo, ili ndi mtengo wamba, ndipo zachikasu za "9999 in 1" zija osonkhanitsa ambiri sazifuna.

Ngati mukuzisunga, chotsani mabatire mu Game Boy ndi Brick Game, chifukwa akatuluka madzi amadya zitsulo za m'kati. Ikani zonse pouma, kutali ndi denga lamalata, ndipo madisiki akhale m'zikwama zake. Musalumikize adaputa iliyonse imene yakwana pabowo musanawerenge mphamvu yake, makamaka pa makina ochokera ku Japan kapena ku America, amene anapangidwira magetsi a 100 mpaka 120 V pamene athu ndi 230 V. Makatiriji osunga pamene wafika, monga a Zelda ndi Pokémon, ali ndi kabatire kozungulira ngati kobiri m'kati mwake. Kakatha mphamvu, zonse zimene munasunga zimafufutika. Wokonza mafoni wodziwa kuwotcherera akhoza kukasintha, koma pochotsa kakaleko zosungidwazo zimapita, choncho ngati fayilo ya ubwana wanu ikadalimo, ikopereni kaye ndi kachipangizo kowerenga makatiriji musanamupatse.